Ziphuphu Zapankhope Si Mlandu

Chichewa chathu chinachita nkhanza ndithu pamene chinapatsa dzina limodzi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Mkulu wa mu ofesi akalandira kenakake mu envulopu kuti asayine pepala, timati walandira ziphuphu. Mtsikana wa Fomu 2 akadzuka m'mawa n'kupeza tizotupa tamera pachipumi ndi m'masaya, timatinso ali ndi ziphuphu. Wa ziphuphu zoyambazo tinamuikira lamulo m'chaka cha 1995 ndi bungwe lomusaka, komabe tikakumana naye paukwati timamupatsa mpando wakutsogolo, n'kumamuombera m'manja akamamwaza ndalama pa perekaniperekani. Wa ziphuphu zachiwirizi sanabe kanthu ka munthu, sanaphwanye lamulo lililonse, koma ndi amene timamuzenga mlandu tsiku ndi tsiku: m'kalasi, pamjigo, mu minibasi, ngakhale pakhomo pa makolo ake omwe. Ine lero ndaima kumbali ya wozengedwa wachiwiriyu, ndipo wokhumudwa akhumudwe.

Tiyambe ndi mlandu weniweniwo, poti oweruza athu ambiri sanauwerenge n'komwe. Khungu la munthu lili ndi timabowo tambirimbiri momwe mumamera ubweya, ndipo m'timabowomo muli tizigawo topanga mafuta oteteza khungu kuti lisaume. Mwana akayamba kutha msinkhu, mahomoni amauza tizigawoti kuti tiwonjezere mafuta. Mafuta aja akasakanikirana ndi tizidutswa ta khungu lakufa amatseka kabowo, ndipo m'kati mwa kabowo kotsekekako mabakiteriya amene amakhala pakhungu la munthu aliyense, otchedwa Cutibacterium acnes, amaswana mpaka pamalopo patupa n'kuchita mafinya. Nkhani yonse ndi imeneyo basi. Madokotala a khungu a ku America amawerengera kuti mwa achinyamata 100 aliwonse a zaka zapakati pa 12 ndi 24, pafupifupi 85 amakhalapo ndi ziphuphu. Mwana wa nduna ali nazo, mwana wa mlonda ali nazo. Anyamata zimawagwira ngati atsikana, ndipo nthawi zambiri iwo ndi amene zimawatupa kwambiri. Amayi ena zimawatsata mpaka zaka za m'ma 30 ndi 40, makamaka akayandikira kumwezi. Za kumtundu nazo zilipo: ngati bambo anali nazo paunyamata wawo, asadabwe kuziona pa mwana wawo.

Koma imvani zigamulo za bwalo lathu. Azakhali akuti mwanayu sasamba. Ndiye mwana uja amatenga chinkhupule ndi sopo wochapira zovala, kupala nkhope ngati akutsuka poto wa nyemba zopserera, osadziwa kuti kupala koteroko kumangowonjezera kutupa. Agogo akuti wadya mtedza wambiri, ndipo mwana wa mlimi wa ku Mchinji amasiya chiponde, chakudya chomanga thupi chimene ali nacho pafupi, pa mlandu wopanda mboni. Zimene ofufuza apezako zikuloza ku zakudya za shuga wambiri ndi mkaka mwa anthu ena, ndipo ngakhale pamenepo sakunena kuti chakudya ndicho gwero la vutoli. Wina akuti ndi magazi oipa, apite kwa asing'anga akatemere. Wina akuti pakani mankhwala otsukira mano, wina akuti finyirani ndimu, wina phulusa. Aliyense ndi dokotala pankhope ya mwana wa mwini.

Chigamulo chimene chimandiwawa koposa ndi chija chimanenedwa moseka, chakuti ziphuphu ndi chizindikiro choti mtsikana akufuna mwamuna, ndipo akangomupeza nkhope isalala. Ndachimvapo kwa amuna a ndevu zawo akuuza ana a sukulu, ndachimvaponso kwa amayi akuluakulu amene akanayenera kukhala oyamba kuchitsutsa. Abale anga, tikuseka chiyani pamenepa? Dziko lino linachita kusintha malamulo ake aakulu m'chaka cha 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana ndipo asakwatiwe. Ndiye ife tomwe tikumuuza mwana wa zaka 14 kuti mankhwala a nkhope yake ali m'thumba la chidyamakanda? Kugonana sikuchiza chiphuphu ngakhale chimodzi. Chimene kungamubweretsere mwanayo ndi mimba, matenda, ndi kusiya sukulu, ziphuphu zili pompo. Amene tinakula m'zaka zija matenda a Edzi ankakolola anthu tikukumbukiranso mmene kachilonda kalikonse ka pakhungu kankasandukira chiphaso cha imfa m'maso mwa anthu amiseche. Khalidwe lowerenga moyo wa munthu pankhope pake silinatichoke, langosintha mutu wa nkhani.

Tsono pali chinthu china chokhudza ife akhungu lakuda chimene chimatsegula chitseko cha tsoka lenileni. Kwa mzungu chiphuphu chikapola chimasiya kufiira kumene kumazilala. Kwa ife, pamene patupa khungu limathirapo utoto wake wakuda wochuluka, ndipo pamatsala dontho lakuda lomwe limatha miyezi ingapo, mwinanso kupitirira chaka, makamaka ngati mwini wake amafinya ndiponso amakhalitsa padzuwa. Mtsikana akadziyang'ana pagalasi, chimene chimamuliza kwambiri ndi madonthowa. Ndipo akapita kumsika, kaya ku Limbe, kaya kwa Tsoka ku Lilongwe, kaya ku Taifa ku Mzuzu, sasowa womuyankha. Pabenchi pali timachubu ndi timabotolo ta maina a Chifalansa ndi Chingerezi, pachikuto pali chithunzi cha dona wa nkhope ngati papaya lakupsa. "Achemwali, tengani aka, sabata imodzi yokha mudzandithokoza." Mtsikana uja sanapite kumsika kukagula uzungu ayi. Anapita kukafuna chochotsa madontho. Ambiri mwa amene timawanena kuti amadziyeretsa analowera pakhomo limeneli.

Ambiri mwa mafuta a m'timachubuto ndi mankhwala a gulu la steroid, monga betamethasone ndi clobetasol. Awa ndi mankhwala enieni, amphamvu, amene ali mu Betnovate ndi Dermovate, ndipo adokotala amawalembera munthu wodwala chikanga kapena nthenda zina zotupitsa khungu, kwa masiku owerengeka, kawirikawiri osati pankhope. Ntchito yawo ndi kuziziritsa kutupa, n'chifukwa chake sabata yoyamba wogulitsa uja amaoneka ngati mneneri: zotupa zaphwa, nkhope yawala, anzake ayamba kufunsa chinsinsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakapita miyezi khungu limayamba kupyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, limang'ambika mizeremizere yosafufutika, zipere zimapeza pobisala, ndipo choseketsa chomvetsa chisoni n'chakuti steroid yemweyo amabala ziphuphu zakezake, zambiri kuposa zoyamba zija. Akati asiye, nkhope imayaka moto, imayabwa, imada kuposa kale. Ndiye amabwerera kubenchi kuja kukagula kachubu kena. Wogulitsa sanapeze kasitomala wa sabata imodzi, wapeza wa zaka. Ndipo amene amadzola thupi lonse kwa nthawi yaitali, mankhwalawo amalowa m'magazi n'kuyambitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

M'timabotolo tina muli hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga utoto wake. Mbiri ya ameneyu inalembedwa kale pafupi pompa, ku South Africa kumene agogo athu ankapita ku Theba ndi Wenela. M'chaka cha 1975 dokotala wa khungu wa ku Pretoria, G.H. Findlay, ndi anzake analemba za amayi achikuda amene atadzola mafuta oyeretsa kwa zaka, masaya awo anachita mawanga akuda bii, okhakhala, ovuta kuchiza. Nthendayo amaitcha ochronosis. Taonani malonda ake: munthu kulipira ndalama kuti ayere, n'kuthera pa kuda kumene sanabadwe nako. Omenyera ufulu a gulu la Steve Biko anadana nawo mafutawa, madokotala nawo anafuula, mpaka m'chaka cha 1990 boma la kumeneko linaletsa hydroquinone m'zodzola, n'kuletsanso otsatsa malonda kulonjeza kuti mafuta awo amayeretsa khungu. Amene anapindula ndi malondawo sanalire nawo. Mapasa awiri, Abe ndi Solly Krok, analemera ndi mafuta oyeretsa khungu ogulitsa kwa anthu akuda, ndipo ndi omwewo amene anadzaika ndalama pomanga Apartheid Museum ya ku Johannesburg, yotsegulidwa mu 2001, nyumba yokumbutsa anthu kuipa kwa tsankho la khungu. Mlakatuli atapeka nkhani yotere, akonzi akanamubwezera pepala lake kuti wakokomeza.

Wachitatu ndi mercury, amene amapezeka mu sopo ndi mafuta ena oyeretsa. Ameneyu amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo mayi woyembekezera amagawana poizoniyo ndi mwana amene ali m'mimba. Maiko anagwirizana za kuthana naye mu pangano la Minamata la 2013, lotchedwa dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu anapuwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi mercury, ndipo mu 2023 anawonjezera kuti pofika 2025 zodzola zonse zothiridwa mercury zithe. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, Ghana inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 2017, Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo mu 2018. Sindikunena kuti kumeneko malondawa anatheratu, katundu woletsedwa amadziwa njira zake zachidule. Koma kumeneko boma linatsegula pakamwa.

Kuno kwathu tili ndi mbiri yodabwitsa pa nkhani ya maonekedwe a munthu. Kuyambira 1973 mpaka 1993 tinali ndi lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa pabwalo la ndege. Boma linali ndi nthawi yoyeza siketi ya mkazi, m'zaka zomwezo zimene Ambi anali dzina lodziwika m'nyumba zambiri za m'tauni. Lero tili ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, tilinso ndi Malawi Bureau of Standards. Funso langa kwa akuluakulu a kumeneko ndi laulemu koma lolunjika: clobetasol ndi mankhwala kapena ndi zodzola? Ngati ndi mankhwala, akutani pabenchi pakati pa zingwe za nsapato ndi mabatire a tochi, akugulitsidwa ndi mnyamata amene sanauzidwepo kuti steroid n'chiyani? Mnyamatayo sindikumuda, akusaka ya ufa ngati tonsefe. Koma katoni imene iye amapikulamo ili ndi mwini wake, ndipo inadutsa pachipata china chake isanafike pamsika.

Tsopano ndibwere kwa inu oseka. Mtsikana uja khungu likamuwonongekera, nkhope mbuu, zala ndi zigongono zili bii, mwamupezera dzina: nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Mumamuloza mu basi, mumamujambula mobisa n'kumuponya pa Facebook kuti anzanu aseke nawo. Ndinu nomwe munamuseka ali ndi ziphuphu. Ndinu nomwe munamuyamikira sabata ija anawala, kumuuza kuti tauni yamuyanja. Lero mwasanduka alaliki a khungu lachilengedwe. Munthu mwamukankhira m'dzenje ndi manja anu, ndiye mwaima pamwamba n'kumamufunsa kuti akufunanji pansipo. Achimwene anga amene mumati mkazi woyera ndiye wotuluka naye pagulu, inu amene mwaphunzira kunena kuti yellow bone ngati ndi digiri, kachubu kalikonse kogulidwa pamsika kali ndi siginecha yanu. Inunso olemba ntchito amene mumafuna chithunzi pa kalata yofunsira ntchito ya pa kauntala, tonse tikudziwa chimene mumayang'ana pachithunzipo.

Anzanga a zolembalemba nawonso asathawe. Tawerengani ndakatulo zachikondi zimene zimatuluka m'masamba ngati ano, tamverani nyimbo za pa wailesi, taonani makanema a oimba athu. Namwali wotamandidwa ndi mmodzi yemweyo chaka ndi chaka: wowala, wosalala, wopanda kachipsera, ngati sanaponde pa Malawi pano pamene dzuwa la Okutobala limawamba munthu ali moyo. Mtsikana wakuda wa madontho m'masaya amalowa m'nkhani zathu ngati wantchito wa m'nyumba kapena mnzake wa mkwatibwi. Timadzitcha maso a mtundu, koma maso athuwo tinabwereka kwa otsatsa sopo. Pa lamya za masiku ano zafika poti kamera yokha imakusalaza ndi kukuyeretsa usanaipemphe, moti mwana amadziona pa lamya ali wina, pagalasi ali wina, ndipo amene amadana naye ndi wa pagalasiyo.

Pali gulu linanso limene ndikufuna kukangana nalo, ngakhale ndi la anthu a mtima wabwino. Awa ndi aja amati yankho ndi kudzikonda basi: dzivomere mmene ulili, kukongola kuli mumtima. Mawu okoma, ndipo amatuluka bwino pakamwa pa munthu wa nkhope yosalala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ziphuphu zikuluzikulu zimapweteka, zimatuluka mafinya, zimasiya maenje amene sadzadzazika moyo wonse, ndipo madokotala amadziwa kuti zimatha kumugwetsa wachinyamata m'matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Kumuuza mwana wotere kuti angodzikonda n'chimodzimodzi kumuuza wa dzino lobooka kuti amwetulire. Kufuna nkhope yabwino si tchimo ndipo si uzungu. Mwanayo ali ndi ufulu wofuna chithandizo, ndipo ife tikamubweza ndi ulaliki, wa pabenchi uja samubweza. Kulimba mtima kumene timamufunira kumamera pamene kunyumba asiya kumutchula maina, ndipo wina wamutenga n'kupita naye kwa wodziwa.

Poti chithandizo chenicheni chilipo, ndipo china n'chosafuna chuma. Kusamba kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofatsa, ndi manja okha, osapala. Kusiya kufinya, chifukwa chala ndicho chimasandutsa chiphuphu cha sabata imodzi kukhala dontho la chaka. Kuchepetsa mafuta olemera pankhope, kuphatikizapo mafuta a tsitsi amene amatsikira pachipumi n'kutseka timabowo tija. Chipewa kapena ambulera padzuwa, ndi mafuta oteteza ku dzuwa kwa amene angakwanitse, popeza dzuwa ndilo limakhwimitsa madontho. Ku famase kuli benzoyl peroxide, amene ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Ameneyu amapha mabakiteriya aja n'kuthandiza kutsegula timabowo. Amaumitsa khungu masiku oyamba, ndiye amayamba pang'onopang'ono, ndipo achenjere naye pa zovala: amasuwitsa thaulo ndi pilo, koma mtundu wa khungu la munthu sausintha. Kuli adapalene ndi tretinoin, opaka usiku, amene amathandizanso kuzilalitsa madontho. Zikakula adokotala amalemba doxycycline wa miyezi yowerengeka, osati makapisozi ogula awiriawiri pa okala, amene amangophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Kwa amene zafika pa zithupsa zosiya maenje kuli isotretinoin, wamphamvu zedi, woperekedwa ndi dokotala yekha chifukwa amapundula mwana m'mimba. Mayi woyembekezera asayambe doxycycline, adapalene kapena tretinoin, ayambe wafunsa kuchipatala.

Vuto la mankhwala oonawa ndi limodzi: ndi aulesi poyerekeza ndi abodza aja. Amafuna masabata 6 mpaka 8 kuti munthu ayambe kuona kusintha, ndi miyezi itatu kuti aweruze bwino, ndipo madontho amatsalira m'mbuyo kuzilala mwakachetechete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha n'kovuta kwa mwana wa zaka 16 amene mawa lomwe akakumananso ndi omutcha chinanazi pa asembule. Apa ndi pamene aphunzitsi ndi makolo ali ndi ntchito imene mankhwala sangagwire. Mphunzitsi amene amalanga mwana wobwera mochedwa koma n'kumaseka nawo pamene kalasi ikunyoza nkhope ya mnzawo, ameneyo akugwirira ntchito wa pabenchi uja popanda malipiro.

Amene anakodwa kale mu steroid asachite manyazi, ndipo asayembekeze kuti kusiya kukhala kophweka. Nkhope idzayamba yaipa isanakhale bwino, ndipo ambiri amafunika kusiya pang'onopang'ono motsogozedwa ndi wachipatala. Madokotala a khungu ndi ochepa m'dziko muno, zimenezo n'zoona, koma ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe kuli makiliniki a khungu, ndipo ena mwa ma clinical officer athu anaphunzira za khungu ku sukulu ya ku Moshi m'dziko la Tanzania, imene yakhala ikuphunzitsa anthu a m'chigawo chino kuyambira 1992. Popita kumeneko anyamule kachubu kapena kabotolo kamene wakhala akudzola, ngakhale katatha, kuti adokotala awerenge okha zimene zalembedwa pachikutopo. Ndipo inu achipatala, mwana akabwera ndi nkhope yake m'manja, musamubweze ndi mawu oti pano tikuthandiza odwala enieni. Mzere wa malungo ndi wautali, tikudziwa, koma mphindi zitatu zomufotokozera kuti kachubu kaja akasiye motani ndi zimene zingamupulumutse ku maenje ndi mawanga a moyo wonse.

Kwa a PMRA ndi a Bureau of Standards pempho langa ndi laling'ono. Tumizani anthu anu Loweruka limodzi m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, agule timachubu ndi timabotolo khumi pamsika uliwonse, mukatiyeze, ndipo zimene mupezemo muzilengeze pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, dzina ndi dzina, nthawi imene ana asukulu ali pakhomo.